Za mahotela ku community college: funsani za makirediti musanalembetse

Ndimagwira ntchito yolangiza ophunzira pa community college (koleji ya zaka ziwiri) ina kuno ku America, ndipo pali cholakwika chimodzi chomwe ndatopa nacho, makamaka kwa ana athu ofuna kuphunzira za mahotela. Mwana wamva kuti kuyambira ku koleji ya zaka ziwiri nkotchipa, zoonadi, fizi yake siyingafanane ndi ya ku yunivesite, ndiye angolembetsa kosi iliyonse yolembedwa hospitality poganiza kuti akamaliza alowa chaka chachitatu ku yunivesite basi. Sizimayenda choncho abale anga.

Madigiri a zaka ziwiriwa ndi osiyana. AA, komanso AS m'masiteti ambiri, anaikonzera wopitiriza ku yunivesite. AAS anaikonzera wofuna kuyamba ntchito pompo. Onse ndi makirediti (mapointi omwe kosi iliyonse imapereka ukakhoza) pafupifupi 60, bachelor ndi 120, ndiye anthu amangoti theka latheka. Koma AAS yadzadza ndi zapamanja, kulandira alendo pa front desk, kuphika, kuyala matebulo, pamene yunivesite ikufuna kuona English composition, masamu, statistics, economics ndi accounting. Paja hospitality management ndi bizinesi, sikumwetulira alendo kokha ayi, munthu ukuyenera kudziwa chifukwa chomwe chipinda chomwecho chimakwera mtengo Lachisanu, kapena ndalama zomwe zikutayikira kukhitchini. Lipoti la 2017 la GAO, ofesi yofufuza za ntchito za boma la America, linapeza kuti osamuka sukulu amataya pafupifupi 43 peresenti ya makirediti awo.

Pali mtsikana wina amene mpaka pano amandiwawa mumtima. Usiku amagwira housekeeping, m'mawa kalasi, amafika kununkhira bulichi m'manja maso ali psuu, koma magiredi ake A ndi B okhaokha. Anabwera kwa ine kwatsala semesita imodzi kuti amalize AAS, ndili ndi pepala la yunivesite yomwe amafuna, tikuchonga kosi imodzi imodzi, ndipo zolandiridwa sizinafike ndi theka lomwe. Sanalire ayi, anangofunsa kuti ndiye ndiwauza chani amayi, poti anali atawauza kale kumudzi kuti kwatsala zaka ziwiri. Amene anamusankhira kosiyo ndi malume ake, mwachikondi ndithu, koma palibe anafunsa. Akanabwera semesita yoyamba tikanangosintha pa kompyuta, nkhani ya mphindi zochepa.

Ndiye yambani ndi kumapeto. Sankhani yunivesite kaye, kenako funsani ngati ili ndi articulation agreement, pangano lonena makirediti omwe idzalandire, ndi koleji yanu, ndipo muione yolembedwa, za pakamwa ayi. Ku Florida mwachitsanzo, womaliza AA pa Valencia College ali ndi njira ya DirectConnect yolowera ku yunivesite ya Central Florida (UCF), komwe kuli Rosen College of Hospitality Management ku Orlando. Komabe kulandiridwa pa yunivesite sikutanthauza kuti pulogalamu iliyonse yakutsegulirani khomo, onani zomwe ikufuna payokha. Giredi yochepera C malo ambiri saiwerengera. Sungani silabasi ya kosi iliyonse, tsiku lokangana za kirediti idzakuyankhulirani. Maola a ntchito nawonso, yunivesite ya UNLV ku Las Vegas imafuna maola 1,000 ogwira m'mahotela kapena malo odyera, ndiye mapepala amalipiro musataye.

Tsono awa ma ajenti a pa Facebook ndi WhatsApp, oti tumizani ndalama tikupezerani sukulu, viza ndi ntchito pa hotela zonse pamodzi, chonde athaweni. Wa viza ya ophunzira ya F-1 amaloledwa kugwira ntchito maola 20 pa sabata pa kampasi nthawi ya sukulu, zogwira kunja zimafuna chilolezo monga cha CPT, cha ntchito yogwirizana ndi maphunziro ako, ndipo kawirikawiri umayamba wamaliza chaka chathunthu. Wokuuzani kuti kalasi musavutike nayo, ingogwirani ntchito, akukuponyani m'dzenje. Mu 2019 zinadziwika kuti University of Farmington ku Michigan inali yabodza, msampha wa boma, ndipo ophunzira ambiri akunja anamangidwa nkubwezedwa kwawo. Masukulu ena a bizinesi aja amangotseka, Art Institutes inatseka makampasi otsala mu 2023, ndipo makirediti a sukulu yopanda accreditation, chivomerezo cha mabungwe oyendera masukulu, yunivesite siingawalandire. Mukamasamuka sukulu, rekodi yanu ya SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira akunja, isamutsidwe ndipo mulandire I-20 yatsopano, chikalata cha sukulu choyendera limodzi ndi viza, nthawi isanathe, osati kudikira mwezi womaliza ofesi itadzadza kale.