Mwala wa obsidian suyamwa ululu wa njoka

Pa WhatsApp ndi m'misika ya kuno ku Mulanje mumamveka mphekesera yoti mwala wakuda wonyezimira wotchedwa obsidian umakumbidwa m'phiri lathuli, ndipo ukauika pamene njoka yaluma umayamwa ululu. Zonse ziwirizi ndi zabodza.

Obsidian ndi galasi lachilengedwe. Limapangika chiphalaphala cha phiri lophulika chikazizira mofulumira, n'chifukwa chake limapezeka kumadera a mapiri ophulika ngati Naivasha ku Kenya. Phiri la Mulanje ndi la miyala ya syenite ndi granite, yomwe inazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Galasi silipangika motero.

Mwala wa obsidian ulibe timabowo toti n'kuyamwa kanthu. Mukadontheza madzi amangotsetsereka. Koma "mwala wa njoka" umene ena amagulitsa, wopepuka ndi wokakamira palilime uja, nthawi zambiri ndi fupa la ng'ombe lowotcha. Umayamwa timagazi tapamwamba, pomwe ululu walowa kale mkati mwa mnofu. Choipitsitsa n'chakuti anthu amayamba atema pabalapo ndi lezala kuti mwala ugwire. Kutemako kumawonjezera kutaya magazi, kumalowetsa majeremusi, ndipo nthawi yothamangira kuchipatala imathera pomwepo.

Munthu akalumidwa, mukhazikeni pansi asamayendeyende, muvuleni mphete ndi zibangili chiwalo chisanatupe, musamange chingwe chothina, ndipo munyamuleni msanga kupita kuchipatala kumene angalandire mankhwala othana ndi ululu. Kupera obsidian n'kumwetsa wodwala musayerekeze, ufawo ndi timagalasi takuthwa.