Chitseko cha galaja chikamakana kutseka, musachikakamize ndi mota

Pafupifupi mwezi uliwonse ndimaitanidwa kukaona chitseko cha galaja chimene mwini wake akuti mota yake yafooka. Kawirikawiri motayo imakhala ilibe vuto. Cholakwika chinachitika kale, pamene womanga nyumba anasiya mpata wochepa pakati pa bimu ya pamwamba pa khomo ndi siling'i, ndipo woika chitseko anabwera ndi zitsulo wamba n'kuzikakamiza pamalo posakwana.

Chitseko cha magawomagawo, chija chimakwera n'kukagona m'munsi mwa siling'i, chimafuna mpata wa masentimita pafupifupi 30 pamwamba pa khomo ngati sipuling'i yake ndi yokulungidwa pa chitsulo chopingasa, ndipo mukaikapo mota mpatawo uyenera kufika pafupifupi 38. Pamalo pamene pali masentimita 15 okha, zitsulo zake zilipo: njanji ziwiri zoyendamo timawilo ta chitseko mbali iliyonse, yam'mwambayo yonyamula gawo lapamwamba lokha kuti likhote msanga, ndipo sipuling'i imasamutsidwira kumbuyo kwa njanjizo. Zimenezi zimaitanitsidwa ntchito isanayambe. Koma chimene ndimapeza ine ndi njanji yodulidwa ndi galainda n'kuwotchereredwanso, timawilo tikukhukhuza pokhotera, chitseko chikumangika panjira.

Ngozi imayambira pamenepa. Chitseko chikamangika, mota imachita zimene inapangidwira: imayesa kuti yagunda chinthu, n'kubwerera m'mwamba. Mmisiri wachinyengo, m'malo mokonza njanji, amawonjezera mphamvu ya mota mpaka pamapeto, ndipo ikapitiriza kukana amasokonezanso timaso tija timaikidwa m'munsi mbali zonse ziwiri za khomo, timene timaletsa chitseko kutsika pakhomo pakakhala munthu kapena chinthu.

Chaka chatha, panyumba ina ku Lilongwe, ndinapeza timaso tiwirito titamangidwa pamodzi ndi tepi yakuda, titayang'anizana, n'kupachikidwa pamwamba pa mota. Nyali zake zinkayaka bwinobwino, kunamiza motayo kuti pakhomo palibe kanthu. Pakona panali kanjinga ka mwana kopindika pakati, ndipo mayi a panyumbapo anandiuza kuti chitseko chinapana kanjingako mwanayo atangotsikapo kumene. Iwo ankadandaula za kanjingako. Ine mpaka lero mtima sunakhale pansi, chifukwa chitseko cha matabwa cha galaja ya galimoto ziwiri chimatha kupitirira makilogalamu 100, ndipo chimenecho chinali chitagwira ntchito moteromo kwa miyezi yambiri ana akusewera pakhomopo.

Timaso timeneti si zokongoletsera. Ku America ana atafa chifukwa chopanidwa ndi zitseko zotere, lamulo linakhazikitsa kuti mota zonse zopangidwa kuyambira pa 1 Januwale 1993 zikhale ndi chitetezo choonjezera chamtunduwu, motsatira muyezo wa chitetezo wotchedwa UL 325. Timasoto timayenera kukhala masentimita osapitirira 15 kuchokera pansi kuti tione ngakhale mwana wokwawa, ndipo batani la pakhoma likhale pamtunda wa mamita 1.5, pamene mwana sangafikire.

Mwezi uliwonse goneketsani thabwa lokhuthala masentimita 4 pansi pakhomo, mutseke chitseko ndi rimoti. Chikaligunda chiyenera kubwerera m'mwamba pasanathe masekondi 2. Chikapitiriza kulipana, zulani motayo kumagetsi tsiku lomwelo, musadikire kuti mwezi uthe. Kenako, chitseko chili chotseka, kokani chingwe chofiira chija mumakoka magetsi akazima, muchikweze ndi manja kufika m'chiuno n'kuchisiya. Chikagwa, sipuling'i yatopa ndipo mota yakhala ikusenza katundu amene si wake. Masipuling'i ambiri amapangidwa kuti atsegule ndi kutseka ka 10,000, zomwe ndi zaka pafupifupi 7 ngati mumatsegula kanayi patsiku.

Sipuling'iyo musaikhudze, ngakhalenso mabawuti a m'makona am'munsi pamene pamangidwa mawaya onyamula chitseko, chifukwa zonsezi ndi zokungika kwambiri ndipo zikafwamphuka zimathyola dzanja. Mmisiri amene mwamuitana akayamba kunena zoti awonjezere mphamvu ya mota asanayeze mpata wa pamwamba pa khomo, m'bwezeni.