Silver Strikers ndi bwalo lake la ku Area 47

Ntchito yanga ndi yosamalira mabwalo a mpira: kudzala kapinga, kuthirira, kutchetcha, kulemba mizere ndi laimu, ndi kukonza kuti tsiku la masewero anthu alowe ndi kutuluka bwino. Ndaigwira zaka zambiri muno mu Lilongwe, ndipo anthu akadziwa zimenezi, kaya m'minibasi kaya pamaliro, funso lawo limakhala limodzi. Amati, bwanji Silver Strikers imakakamirabe bwalo lake lakale la ku Area 47 pamene bwalo la Bingu lili chapafupi pomwepo, lalikulu, lokongola, la mipando? Yankho lake lili m'mbiri ya timuyi, ndiye tiyambire kumeneko.

Silver inakhazikitsidwa mu 1977, ndipo mwini wake ndi banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi. N'chifukwa chake masapota amaitcha kuti Ma Bankers. Inabadwa pa nthawi imene Lilongwe anali akumangidwa kumene, likulu litangosamuka ku Zomba mu 1975. Anthu ogwira ntchito m'boma, apolisi ndi asilikali ankabwera ndi mabanja awo kudzakhala m'madera atsopano amene ankangodziwika ndi manambala, ndipo mpira wa mumzinda uno unakula motsatira malo a ntchito. Civo ndi ya ogwira ntchito m'boma ndipo bwalo lake lili ku Area 9. Blue Eagles ndi ya apolisi, pakhomo pake ndi pa Nankhaka ku Area 30. Kamuzu Barracks ndi ya asilikali. Ku Blantyre kunali kosiyana: Bullets ndi Wanderers anali kale ndi khamu la anthu ochokera ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni, anthu oti timu anaiyamwira kubere. Matimu a ku Lilongwe anayamba ndi abwana ndi malipiro, masapota n'kumabwera pambuyo.

Silver ndiyo inakwanitsa kutuluka mumpanda wa ofesi n'kukhala timu ya mzinda wonse. Ligi yaikulu ya dziko lino itayamba mu 1986, Civo ndiyo inayamba kubweretsa ukatswiri ku Lilongwe mu 1987, koma Silver itautenga mu 1993 inaonetsa kuti sinabwere kudzangodutsa. Inautenganso mu 1996. Achikulire amene ankaonera mpira zaka zimenezo sangakambe za Silver osatchula Young Chimodzi, yemwe anasewera timuyi, anatsogolera Flames, timu ya dziko lino, m'bwalo, ndipo pambuyo pake anadzakhala mphunzitsi wa Silver ndi wa Flames yomwe. Kenako kunabwera zaka zowawa pamene Bullets inatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005. Silver inadzuka mu 2008, ndipo nyengo yake yokoma kwambiri inali pamene inatenga ligi katatu motsatizana, komaliza mu 2013.

Anthu amathamangira kunena kuti zonsezi ndi ndalama za banki. Ndalama zilipo ndithu, ndipo wosewera amene malipiro ake amabwera mwezi ukatha amathamanga mosiyana ndi amene wasiya ana kunyumba opanda ufa. Koma ine ndimaona chinanso chimene ambiri saona chifukwa maso awo amakhala pa mpira, pamene anga amakhala pansi. Silver ili ndi bwalo lakelake. Bullets ndi Wanderers, ndi kutchuka kwawo konse, akhala akusewera pa Kamuzu Stadium, bwalo la boma.

Kukhala ndi bwalo lako kumatanthauza zinthu zooneka zazing'ono. Mphunzitsi akafuna anyamata m'mawa, sapempha kwa munthu. Sakapeza kuti bwalo labwerekedwa ndi a msonkhano wa chipani kapena a mapemphero a usiku wonse. Akafuna kapinga wamfupi kuti mpira uziyenda pansi mwachangu, amangouza osamalira bwalo, ndipo mawa lake makina alowa. Osewera amadziwa mbali imene dzuwa limathobwa m'maso chakumadzulo, amadziwa pamene mpira umadumpha ndi pamene umafa mvula ikagwa. Ndiye pali nkhani ya pachipata. Ndalama za matikiti zikawerengedwa, amayamba achotsapo zolipira achitetezo ndi ena ogwira ntchito tsikulo, zotsalazo n'kugawidwa kwa matimu awiriwo, kwa oyendetsa mpira, ndi kwa mwini bwalo. Timu yobwereka bwalo imaona gawo limenelo likupita kwa ena sabata ndi sabata, pamene kwa timu ya bwalo lake gawolo limatsala pakhomo.

Koma bwalo ndi munda, ndipo munda sunama. Mvula kuno imasiya chakumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, nthawi yomweyo imene ligi imakhala ikuyamba, ndiye masewero ambiri amaseweredwa m'chilimwe. Pofika Okutobala dothi lofiira la Lilongwe limauma gwa ngati njerwa yootcha. Kapinga amafuna madzi m'bandakucha kapena dzuwa litapendeka, chifukwa ukathirira masana madzi ambiri amangouluka mizu isanamwe. Amafuna kuti dothi libooledwe timabowo kuti mpweya ndi madzi zilowe, pakuti mapazi a anthu 22 amalitsendera tsiku lililonse. Pamene pamayamba kufa ndi pagolo, pamene goloboyi amapondaponda, kenako pakati poyambira mpira, kenako mzere umene wothandizira oyimbira amathamangamo. Malo amenewa timachita kudula kapinga wamoyo kumbali, ndi dothi lake lomwe, n'kudzamata ngati chigamba pa thalauzi, kenako kuthira mchenga wosefa pamwamba. Chigambacho chimafuna masabata osapondedwa kuti chigwire. Pa bwalo limene matimu anayi akugawana, masabata amenewo sapezeka.

Chiswe ndiye mdani wina wosaoneka. Chaka china, pa bwalo lina limene ndinkagwirapo ntchito, pampu ya pachitsime inawonongeka mu Seputembala, ndipo kalata yopempha ndalama zokonzera inangozungulira m'maofesi. Kapinga atauma, chiswe chinalowa pansi n'kudya mizu, pamwamba pakuonekabe ngati pali udzu. Loweruka lina mnyamata wosewera kumbali anathamanga ndi mpira, phazi linalowa m'kadzenje kamene palibe anakaona, ndipo ndinamva bondo likulira ndili pa mzere ndi chitini changa cha laimu m'manja. Anamunyamula pa machira akulira ngati mwana. Chaka chimenecho sanasewerenso. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa wa masewero ndimayenda bwalo lonse pang'onopang'ono, kuchoka golo ina kukafika ina, ndikuponda ndi chidendene paliponse pamene mtima wanga wakayika.

Tsono tibwere ku Bingu. Bwalo limeneli lili ku Area 48, linamangidwa ndi ngongole yochokera ku China, ndipo linatsegulidwa mu Januwale 2017. Mumalowa anthu oposa 40,000. Kwa Silver linabwera ndi mwayi, chifukwa chaka chomwecho inatengera pomwepo chikho choyamba cha Airtel Top 8 itagonjetsa Wanderers pa mapenate. Masewero akuluakulu, monga Maule (Bullets) kapena Manoma (Wanderers) akabwera mumzinda, nthawi zambiri amapita ku Bingu chifukwa khamu lake silingakwane ku Area 47. Masewero a CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, nawo amapita komweko, pakuti bungweli lili ndi zofuna zake: mipando ya munthu mmodzimmodzi, magetsi owala mokwanira kanema, zipinda zovalira zabwino, chipinda cha achipatala, malo a atolankhani, ndi njira yoti osewera ndi oyimbira adutse osakumana ndi masapota. Silver Stadium inamangidwa nthawi imene zambiri mwa izi sizinkafunsidwa.

Sindingakambe za Bingu osakumbuka 6 Julayi 2017. Linali tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, ndipo Silver inkayenera kusewera ndi Bullets, kulowa kwaulere. Anthu anafika m'mamawa, zipata zinachedwa kutsegulidwa, khamu linakanikizana, ndipo anthu asanu ndi atatu anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Ife a ntchito imeneyi tsikulo silichoka m'mutima. Khamu likaima pachipata chotseka, amene ali kumbuyo sadziwa zimene zikuchitika kutsogolo, amangokankha, ndipo wamfupi ndi amene amayamba kusowa mpweya. Kukula kwa bwalo sikuteteza munthu. Chimateteza ndi kutsegula zipata zonse nthawi ikadalipo, kugulitsiratu matikiti masiku angapo m'mbuyo kuti pachipata pasakhale kusinthana ndalama, kuika zitsulo zoongolera mizere, ndi kukhala ndi munthu mmodzi wodziwika amene mawu ake ndi omaliza pa za chitetezo. Ndipo inu makolo, mukabwera ndi mwana ku mpira waukulu, fikani msanga, mugwireni dzanja, ndipo mukaona pachipata pathinana bwererani m'mbuyo ngakhale mpira utayamba.

Pali china chimene Bingu sangapereke. Kuzungulira bwalolo kuli njira yothamangiramo, ndiye wochemerera amakhala kutali ndi wosewera. Mukalowa anthu ochepa, nyimbo zimangomwazika m'mipando yopanda anthu. Komanso bwalo lotere limadya ndalama zambiri pa tsiku limodzi: achitetezo ochuluka, madzi, magetsi, okonza m'zimbudzi. Pa masewero wamba a pakati pa sabata, zolowa pachipata zikhoza kuthera momwemo. Ku Area 47 khamu lomwelo limadzaza malo, ng'oma imamveka pamsana pa wosewera, ndipo mlendo amadziwa kuti wafika pakhomo pa eni. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo.

Chitatha chaka cha 2013, Silver inakhala zaka khumi ndi chimodzi osalawa ligi. Zikho zinkabwera, Airtel Top 8 kachiwiri mu 2019 ndi chikho choyamba cha FDH Bank mu 2021, koma ligi inapita kwa ena. Kamuzu Barracks inaitenga mu 2016, Wanderers mu 2017, kenako Bullets inaigwira osataya kuyambira 2018 mpaka 2023. Ludzu linatha mu 2024 pansi pa mphunzitsi Peter Mponda, munthu amene dzina lake analipangira ku Bullets komweko ndi ku Flames. Ligi siitengedwa ndi masewero awiri kapena atatu otchuka aja. Imatengedwa ndi mapointi a masabata wamba, pamene timu yaing'ono yabwera kudzatseka kumbuyo ndipo pakufunika bwalo losalala kuti mpira uyende msanga mpaka mpata upezeke.

Chimene ndingakonde kuona ndi chakuti eni ake aikepo mtima pa Silver Stadium monga amaikira pogula osewera. Madzi odalirika a chilimwe chonse ndiye poyambira, ndi thanki yosungira kuti magetsi akazima kapinga asagone ndi ludzu. Kenako ngalande za pansi zochotsa madzi, chifukwa masewero otsiriza a ligi amakumana ndi mvula yoyamba ya Novembala ndi Disembala. Pakufunikanso bwalo lachiwiri lochitira zokonzekera, kuti timu yaikulu, ya achisodzera ndi ya amayi zisamapondereze malo amodzi sabata yonse. Mipando, denga ndi magetsi zibwere pang'onopang'ono, mbali imodzi chaka chino, ina chaka chamawa, mpaka tsiku lina oyendera mabwalo a CAF adzafike ku Area 47 ndi mapepala awo, ayeze mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, alowe m'zipinda zovalira, ayatse magetsi, n'kusaina.