Kolera m'misasa: musadikire kuche

Abambo ndi amayi amene mukukhala m'misasa chifukwa cha madzi osefukira, uthengawu ndi wanu.

Namondwe wa Freddy atawomba mu Marichi 2023, anthu oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo n'kukakhala m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'matenti ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe, Mulanje ndi Blantyre. Kolera inali ili kale m'dziko muno, itayambira ku Machinga mu 2022, ndipo mliriwo unapha anthu oposa 1,700. Njira zake mukuzidziwa: zimbudzi zakokoloka, zonyansa zalowa m'zitsime, mabanja ambiri akutunga m'ndowa imodzi. Thirani klorini m'madzi akumwa kapena awiritseni, sambani m'manja ndi sopo pa mpondagiya, idyani nsima ikadali yotentha. Izi mwazimva kambirimbiri.

Chimene chikutisowetsa tulo ife azaumoyo ndi kubisa wodwala.

Munthu wayamba kutsekula m'mimba madzulo, chimbudzi chamadzi okhaokha ngati otsukira mpunga, akusanza, ndiye abale akuti: "Tione kaye mawa." Mawa lake liti? Kolera imamaliza madzi m'thupi m'maola ochepa chabe. Bambo wamphamvu zake amene anadya nanu madzulo akhoza kusafika tambala woyamba. Mwana ndiye osanena.

Tikudziwa zimene zimanong'onedwa, zoti wolowa m'tenti ya odwala kolera satulukamo wamoyo. Bodza limenelo! M'tentimo muli dilipi, Thanzi (ufa wa mchere ndi shuga wosungunula m'madzi, wobwezeretsa madzi m'thupi) ndi mankhwala, zonse zaulere, ndipo ofika msanga pafupifupi onse amabwerera kwawo akuyenda okha. Amene amamwalira ambiri ndi aja abwera nawo atalefuka kale, maso atalowa m'kati, khungu mukalitsina osabwerera. Kenako anthu n'kumaloza tenti.

Enanso amam'mana madzi wodwala, ati kutsekulako kuleke. Chonde, mukumupha. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati palibe, m'lita yomweyo thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Azimwa pang'onopang'ono muli m'njira yopita naye kuchipatala, ngakhale akusanza. Mwana woyamwa asasiye bere.

Pamsasa mukugona mothithikana, wodwala mmodzi wobisidwa apatsira kalasi yonse. Kaya ndi pakati pa usiku, kaya mvula ikugwa, dzutsani a komiti ya pamsasa kapena alangizi a zaumoyo, mum'nyamule nthawi yomweyo.