Mwana wa bulu akabadwa ndi chilema

Kuno ku Dedza mahatchi ndi osowa, koma abulu okoka ngolo za kachewere ndi ambiri, ndipo zilema zimene ana a hatchi amabadwa nazo zimagweranso ana a abulu. Bulu amakhala ndi bere pafupifupi miyezi 12. Mwanayo akafa, chaka chathunthu chapita pachabe.

Mwana wabwinobwino amaimirira pakatha ola limodzi, n'kuyamba kuyamwa pofika maola awiri. Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa mkaka woyamba wachikasu uja ndi umene umam'patsa chitetezo, ndipo matumbo ake amasiya kuyamwa chitetezocho pakadutsa maola 24. Amene walephera kuima, m'kamireni mkakawo, mum'mwetse pang'onopang'ono atakhala chogwada, osati chogona cham'mbali.

Zilema zambiri zimakhala za miyendo, ndipo sizifanana. Wina mitsempha imakhala yolobodoka, amaponda ndi chidendene, nsonga ya chiboda n'kuloza m'mwamba. Ameneyu nthawi zambiri amawongoka yekha pakapita masiku, bola akhale m'khola louma n'kumayenda pang'ono. Wina mitsempha imakhala yokungika, mwendo wapindika, akuyendera nsonga ya chiboda kapena mfundo. Uyu ngofunika alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Chonde musamange mwendowo ndi nsungwi ndi mphira panokha. Khungu la mwana wa bulu ndi lofewa, limachita zilonda msanga, ndipo mphira imatseka magazi mwendo n'kuola.

Mkaka ukamatuluka m'mphuno poyamwa, kawirikawiri ndiye kuti kumwamba kwa kamwa kuli mng'alu, ndipo mkakawo ukalowa m'mapapo amadwala chibayo. Kwezaninso mchira: ena amabadwa opanda potulukira ndowe, mimba n'kumangofufuma. Ziwirizi sizidikira mawa. Mchombo wotukuka pang'ono wosapweteka umatha kutsekeka wokha pakapita miyezi, koma ukalimba n'kumatentha, thamangirani kwa alangizi.

Ambiri amathamangira kuti ndi malodza kapena kuti wina wachita chipongwe. Ine ndimayamba ndafunsa kuti tate wake ndani. M'midzi yambiri bulu wamphongo amakhala mmodzi zaka ndi zaka, mpaka kukwera ana ake omwe, ndipo zilema za kumtundu zimatulukira pamenepo. Bwerekanani amphongo ndi a midzi yakutali. Bulu wabere musam'lekerere kudya mapira aawisi, musam'patse mankhwala osafunsa alangizi, ndipo bere likakula m'masuleni pangolo, apume.