Duisburg ndi mlatho umene anthu anausintha dzina okha

Mu Novembala 2024 kampani ya Thyssenkrupp inalengeza kuti nthambi yake yopanga zitsulo idzachepetsa antchito kuchoka pa 27,000 kufika pa 16,000 pofika chaka cha 2030. Ambiri mwa anthu amenewa amagwira ntchito ku Duisburg, mzinda wa anthu pafupifupi 500,000 kumadzulo kwa Germany, pamene mtsinje wa Ruhr umathira mu Rhine. Nkhani ngati imeneyi ikabuka kumeneko, dzina limodzi silichedwa kutuluka pakamwa pa anthu: Rheinhausen, dera la mzindawu kumene antchito anamenyera fakitale yawo ya zitsulo mu 1987.

Zakale tingodutsapo. Duisburg unali mzinda wamalonda m'mphepete mwa Rhine mpaka pamene mtsinjewo unasintha njira n'kuusiya pouma, ndipo unakhala zaka mazana ambiri ngati katauni ka alimi. Gerardus Mercator, katswiri wojambula mapu uja, anakhazikika komweko mu 1552 n'kumwalirira komweko mu 1594. Chimene chinadzaudzutsa ndi malasha a m'chigwa cha Ruhr pamodzi ndi madzi onyamulirapo katundu. Doko la mzindawu, ku Ruhrort, linakula mpaka lero limatchedwa doko lalikulu kwambiri padziko lonse mwa madoko a kumtunda. August Thyssen anayamba kusungunula chitsulo ku Bruckhausen, dera la kumpoto kwa mzindawu, mu 1891, ndipo banja la Krupp linayatsa ng'anjo zake tsidya lina la Rhine, ku Rheinhausen, mu Disembala 1897. Pa nkhondo yachiwiri ndege za Britain zinauphwasula mzindawu, makamaka mu Okutobala 1944, koma ng'anjo zinayakanso. M'zaka za m'ma 1960 fakitale ya Rheinhausen yokha inkadyetsa antchito okwana 16,000, ena mwa iwo ochokera ku Turkey.

Kugwira ntchito kwa Krupp sikunali kulandira malipiro chabe. Nyumba inali ya kampani, chipatala cha kampani, sitolo ya kampani. Agogo, bambo ndi mwana ankalowera pa geti limodzi. Ndiye ganizirani mmene zinawapwetekera pa 26 Novembala 1987 atamva kuti mabwana agwirizana kale mwakachetechete zotseka fakitaleyo, n'kusamutsira ntchito yake ku mafakitale a Mannesmann ndi Thyssen. Ntchito zoposa 5,000 zinali pachiswe.

Patapita masiku anayi, mkulu wa Krupp Stahl (kampani ya zitsulo ya Krupp), Gerhard Cromme, anaimirira pamaso pa khamu m'chiholo cha fakitale kuti afotokoze masamu ake. Anamugenda ndi mazira. Kenaka pa maikolofoni panabwera Helmut Laakmann, amene sanali mtsogoleri wa bungwe la antchito la IG Metall koma mmodzi wa oyang'anira ntchito m'fakitalemo, munthu amene aliyense akanayembekezera kuti aikira kumbuyo mabwana. Iye anabwereka mawu a m'Baibulo aja, diso kulipa diso, dzino kulipa dzino, ndipo holo yonse inachita kugwedezeka. Kwa ine apa ndi pamene zinthu zinatembenukira. Nkhondo itagwirizanitsa kapitawo ndi wantchito wamba, inasiya kukhala ya bungwe n'kukhala ya tauni yonse.

Pa 9 Disembala antchito analowa mokakamiza mu Villa Hügel ku Essen, chinyumba cha banja la Krupp chimene makolo awo ankangochionera patali. Mawa lake anatseka misewu ndi milatho m'madera ambiri a Ruhr. Pa Tor 1, geti loyamba la fakitale, anthu ankachezera usiku ndi usana m'chisanu cha Disembala, akuwotha moto wa malasha m'mbaula zachitsulo. Amayi anapanga gulu lawolawo, ana asukulu anaguba, eni masitolo anathandiza ndi chakudya, ndipo abusa ndi ansembe anachititsa mapemphero m'kati mwa fakitale. Pa 20 Januwale 1988 khamu linakumana pa mlatho wolumikiza Rheinhausen ndi Hochfeld n'kuupatsa dzina latsopano, Brücke der Solidarität, kutanthauza mlatho wa umodzi. Sanapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Khonsolo ya mzinda inangobwera pambuyo kudzavomereza. Mu Febuluwale anthu anagwirana manja usiku, mzere wake kuchokera ku Duisburg mpaka ku Dortmund.

Zonsezi zinatenga masiku 160. Mu Meyi 1988, ndi mkhalapakati Johannes Rau, mtsogoleri wa chigawo cha Nordrhein-Westfalen amene anadzakhala pulezidenti wa Germany, mbali ziwirizi zinagwirizana kuti gawo lina la fakitale lipitirize kugwira ntchito. Linapitirizadi, koma pa 15 Ogasiti 1993 moto unazima kotheratu.

Kodi anapambana ndani? Mayankho amatengera amene mukumumvetsera. Mbali ya kampani inkanena kuti Rheinhausen inkaluza ndalama zambiri, kuti Ulaya anali ndi mafakitale ochuluka kuposa msika wa zitsulo, ndipo kutseka imodzi kunali kupulumutsa zinazo. Mfundo imeneyi si yoitaya: fakitale ya Hüttenwerke Krupp Mannesmann ku Huckingen, kum'mwera kwa Duisburg, imene inabadwa mu 1990 kuchokera mu mgwirizano womwewo, inalandira antchito ambiri a ku Rheinhausen. A IG Metall amawerengera zina, kuti anthu sanaponyedwe pamsewu chimanjamanja, ena anasamutsidwa, ena anapuma msanga ndi penshoni, komanso boma linakakamizika kuthira ndalama m'chigawochi. Akuluakulu a doko nawo amaloza Logport, malo a makontena ndi nyumba zosungiramo katundu amene anamangidwa pa bwinja la fakitaleyo, n'kunena kuti pali ntchito pafupifupi 5,000, ngati zimene zinatayika. Chiwerengerocho chimamveka bwino, koma chimayerekeza ndi fakitale imene inali itaonda kale, osati ya anthu 16,000 ija. Ndipo woyendetsa chigalimoto chonyamula mabokosi m'nyumba yosungiramo katundu salandira zimene wosungunula chitsulo ankalandira.

Duisburg walero ali ndi nkhope zingapo. Ng'anjo zakale za ku Meiderich, zimene zinazima mu 1985, zinasanduka paki yotchedwa Landschaftspark Duisburg-Nord, kumene alendo amakwera masitepe mpaka pamwamba pa ng'anjo kukajambula zithunzi. Ku Marxloh kuli mzikiti waukulu umene unatsegulidwa mu 2008, ndi msewu wodzaza masitolo a madiresi aukwati. Kuyambira 2011 sitima zapamtunda zimafika ndi katundu kuchokera ku Chongqing, China, dziko lomwelo limene zitsulo zake zotsika mtengo zikudandaulitsa Thyssenkrupp.

Krupp ndi Thyssen anadzaphatikizana mu 1999, Cromme ali mmodzi wa atsogoleri ake awiri. Mu 2024 kampani yomweyo inalengeza kuti ikufuna kuchoka mu fakitale ya Huckingen, kuja anathawira anthu a ku Rheinhausen. Geti la Tor 1 likadalipo, linasungidwa ngati chikumbutso, ndipo malole a makontena amadutsa pambali pake tsiku lonse.