Musayambe ndi chishalo: zoyenera kusintha pa njinga ya fixie

Mnyamata wina anabwera pa shedi panga akukankha fixie yatsopano imene mkulu wake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg. Ankafuna chishalo chachikopa, mahandulo ena ndi tcheni chowala ngati golide. Nditamufunsa kuti, "Nanga buleki ili kuti, achimwene?" anangoseka.

Kwa inu amene simunaionepo, fixie ilibe fuliwilo. Sipuloketi yakumbuyo imamangidwa ku habu, ndiye tayala likamazungulira mapedulo nawonso amazungulira, mufune musafune. Zopumitsa miyendo pamtsetse ngati akabaza, iwalani. Kwawo kwa njingazi ndi m'mabwalo a mpikisano, monga wa keirin umene unayamba ku Japan mu 1948, ndipo m'bwalomo mulibe minibasi yoima mwadzidzidzi kapena mbuzi yodumpha msewu.

Ndalama yoyamba igule buleki yakutsogolo. Ku Britain lamulo limawerengera tayala lakumbuyo la fixie ngati buleki, komabe limafuna ina kutsogolo, ndipo ine ndimagwirizana nalo. Tcheni chikavuka mukutsika phiri la Zomba, miyendo yanu ilibenso ntchito.

Kenako onani lockring, kamkombero kamene kamatsekera sipuloketi. Mazinga ake ndi amanzere: mukapondereza mapedulo chambuyo, sipuloketi imafuna kumasuka, ndipo pomasukapo imakamangitsa kamkomberoko. Njinga zotchipa zimafika kali kosamangitsa bwino. Pakani girisi, mangitsani sipuloketi kaye, lockring pambuyo, ndi sipanala yake osati chizulo ndi hamala. Mazinga a habu akadyeka, mwagula habu ina.

Tsopano werengani mano, chifukwa apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama osadziwa. Njinga ya mnyamata uja inali ndi mano 48 pa sipuloketi yakutsogolo ndi 16 pa yakumbuyo. Mapedulo akazungulira kamodzi, tayala limazungulira katatu ndendende. Okwera fixie amakonda kuima poumitsa miyendo kuti tayala likhukhuluzike, ndipo miyendoyo imaumira pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ndiye kuti pamene tayala limakhudza phula ndi pomwepo pomwepo. Ndinamuzunguzira tayalalo kuti aone: konseko mizere yake inali yatsopano, koma kachigawo kamodzi kotalika ngati chala kanali katasalala kale.

Mankhwala ake ndi dzino limodzi. Sipuloketi ya mano 17 siigawika mu 48, choncho kudyekako kumafalikira malo 17 pa tayala. Imapepukitsanso kupalasa pang'ono, zimene mawondo anu adzathokoze pa zitunda za Blantyre. Pogula onetsetsani kukula kwa tcheni: cha 1/8 inchi chimalowa pa mano opyapyala a 3/32, koma cha 3/32 sichikhala pa mano a 1/8. Mukabwezera tayala, tcheni chizisewera pafupifupi sentimita imodzi pakati pake.

Matayala a 28 mm m'lifupi amapirira maenje kuposa a 23, ngati felemu ili ndi mpata. Malamba a pa mapedulo musawasiye; phazi likaterereka pa liwiro, pedulo imakupezani pa msongolo.

Chishalo ndinamuuza kuti akhalepo kaye mwezi wathunthu, thupi lidzanena lokha. Tsikulo anachoka ndi buleki, sipuloketi ya 17 ndi malamba, akudandaulabe za tcheni chagolide chija.